Tikulirira Anthu Amene Tikukana Kuwadziwa

Tsiku lina ana atabalalika ku madrasa ndidatsala ndekha pakhonde, ndikudikira nthawi ya Maghrib, buku lili m'manja. Adandipeza a Shehe ena, anzanga amene tidaphunzira limodzi, munthu amene ndimawalemekeza chifukwa cha kuzama kwawo pa fiqhi. Adalitenga bukulo, ndipo ataona zilembo za Chiarabu pachikuto nkhope yawo idawala poganiza kuti ndi kitabu cha maphunziro. Atatsegula masamba awiri atatu adandibwezera msanga ngati lawaotcha. Adati, "Ustazi, inu mphunzitsi wa Qur'an mukutaya nthawi ndi mabodza? Anthu akutha ku Gaza, inu muli pa nthano?"

Buku limenelo lidali Al-Sabbar, nkhani yaitali yopeka imene adalemba mayi Sahar Khalifeh a mumzinda wa Nablus. A Shehewo ndi omwe Lachisanu lapitalo adatiliritsa mumzikiti ndi khutba ya Palestine. Ndidawafunsa mafunso atatu: munthu wa ku Nablus akadzuka m'mawa amakagwira ntchito kuti, amadutsa pati, ndipo akabwerera madzulo amakangana chiyani ndi mkazi wake? Adakhala chete pang'ono, kenaka adati zimenezo n'zazing'ono poyerekeza ndi Al-Aqsa. Sitidamvane tsiku limenelo ndipo mpaka lero sitinamvane. Ndaganiza zoutula mlanduwu pabwalo, chifukwa maganizo amenewa ndawamva kwa makolo ambiri, kwa aphunzitsi anzanga, ngakhale kwa achinyamata amene amavala mpango wa mawangamawanga uja pakhosi.

Mlandu wanga ndi uwu. Asilamu a kuno kunyanja timaikonda Palestine, koma timaikonda ngati mbendera. Timaidziwa mitundu inayi ya mbenderayo, timalidziwa denga lagolide la ku Jerusalem, timachidziwa chiwerengero cha akufa chimene chimatipeza pa WhatsApp m'mawa uliwonse. Anthu ake sitiwadziwa. M'mitu mwathu munthu wa ku Palestine ali ndi ntchito ziwiri zokha, kuponya mwala ndi kufa. Sadya, sakongola ndalama, sachita nsanje, sakalamba. Mabuku amene akadatidziwitsa anthu amenewa, olembedwa ndi eni ake omwe, ndiwo tikuwatcha mabodza. Ndikunena poyera kuti tikulakwitsa, ndipo kulakwitsa kumeneku kukupeputsa ngakhale misozi imene timakhetsa pa dua.

Tiyambe ndi zimene zili kumeneko. Mu June 1967, pa nkhondo ya masiku 6, Israel idalanda West Bank, East Jerusalem ndi Gaza. Kuyambira pamenepo anthu a ku West Bank akhala pansi pa malamulo a asilikali, ndipo akaganiziridwa mlandu wokhudza chitetezo amaweruzidwa m'makhoti a asilikali, pamene nzika za Israel zimene zidamanga midzi pamalo omwewo zimaweruzidwa m'makhoti wamba. Pangano la Oslo la 1995 lidagawa West Bank m'zigawo zitatu, A, B ndi C, ndipo chigawo C, chimene chili pafupifupi magawo 60 pa 100 a dera lonselo, chidatsala m'manja mwa Israel. Mu 2002 adayamba kumanga mpanda umene m'malo ambiri udalekanitsa mlimi ndi munda wake wa azitona. Pa 19 July 2024 khoti lalikulu la mayiko la ku The Hague lidanena kuti kukhalabe kwa Israel m'madera amenewa n'kosemphana ndi malamulo a mayiko. Zonsezi n'zoona ndipo mwana wa madrasa akhoza kuziloweza sabata imodzi. Koma ataziloweza adzakhala asanadziwebe chimene zaka zoposa 50 za ulamuliro wa mfuti zimamuchita bambo wa ana asanu.

Chifukwa chake n'chakuti ulamuliro wa asilikali masiku ambiri suphulitsa bomba. Umangomuimika munthu pamzere. Mbandakucha ali pa rodibuloko kudikira kuti mnyamata wa zaka 19 wonyamula mfuti ayang'ane chiphaso chake. Chilolezo chopitira kuchipatala chatha dzulo. Msewu umene adadutsa Lolemba wautseka Lachiwiri popanda wofotokoza chifukwa. Wojambula amathamangira kumene kuli magazi, ndipo tsiku limene palibe wafa sabwera, chonsecho masiku otere ndiwo ochuluka, ndipo ndiwo amene amadya munthu pang'onopang'ono ngati chiswe m'nsichi. Nyuzi ilibe malo oikamo kudikira. Khutba ilibe nthawi yake. Malo okhawo amene kudikira kumeneku kudalembedwa mokwanira ndi m'mabuku a nkhani zopeka.

Taonani zimene zili m'buku limene a Shehe adalibweza. Lidatuluka mu 1976, ndipo m'Chingerezi adalitcha Wild Thorns. Dzina lake la Chiarabu ndi la chomera chaminga chimene chimapirira chilala, ndipo tsinde la liwulo ndi lomwe lija la sabr, kupirira kumene timaphunzitsa ana athu. Mnyamata wina, Usama, akubwerera ku Nablus kuchokera ku mayiko a mafuta kumene amagwira ntchito. Wabwera ndi ukali ndiponso ndi ntchito yachinsinsi: kuphulitsa mabasi amene amanyamula anthu a ku Palestine opita kukagwira ntchito m'mafakitale a Israel, chifukwa kwa iye anthu amenewa agulitsa dziko. Pamsika akuona mnyamata wina akudzudzula wogulitsa buledi chifukwa bulediyo ali ndi chidindo cha Chihebri, ndipo wogulitsayo akumuyankha mosaopa. Kenaka Usama akupeza kuti msuweni wake Adil, mwana wa banja lolemekezeka, nayenso amakwera mabasi omwewo mobisa. Munda wa banja udatha chifukwa antchito adathamangira malipiro okwera a ku Israel. Bambo ake a Adil moyo wawo uli pa makina otsuka magazi a odwala impso, makinawo amadya ndalama, ndipo mkuluyo amakhala pabalaza kulankhula za ufulu kwa alendo, osadziwa kumene kukuchokera chakudya chake.

Mnzake wa Adil, Abu Sabir, makina akumudula zala pantchito, ndipo popeza alibe mapepala oyenera palibe womusamalira kumeneko. Anzake akumuthamangitsira ku Nablus magazi akutayika, iye akuwapempha kuti amufotokozere nthano za ngwazi zakale za Aarabu kuti aiwale ululu. Chiwembu cha Usama chikuchitika, iye akufa, ndipo akufanso Zuhdi, wantchito wosauka amene adali m'basi. Pamapeto asilikali akubwera kudzagwetsa nyumba ya banja la Adil monga chilango. Apatsidwa kanthawi kochepa kotulutsira katundu, ndipo Adil akuwasiya makina a impso aja m'katimo.

Tsopano ndiuzeni, inu amene mumati izi n'zazing'ono: Adil ndi wachinyengo kapena ndi mwana wabwino? Usama ndi ngwazi kapena ndi wakupha abale ake? Mlembi sakuyankhani. Akukusiyani mutanyamula funsolo monga momwe anthu a ku Nablus adalinyamulira. Ine ndidaphunzira mitu ya fiqhi yonena za dharura, kukakamizika kumene kumafewetsa lamulo, ndipo ndidakhoza mayeso ake. Koma kulemera kwa liwu limenelo ndidakumva pamene ndidamuona Adil akukwera basi kusanache.

Musaganize kuti Adil ndi mlendo kwa ife. Chiwembu cha Hamas cha pa 7 October 2023 chitachitika ndi nkhondo ya ku Gaza itayamba, Israel idaletsa antchito ambiri a ku Palestine kulowa, ndipo antchito ambiri a ku Thailand adabwerera kwawo. Mu November chaka chomwecho achinyamata a ku Malawi oposa 200 adakwera ndege kupita kukagwira ntchito m'minda ya kumeneko, ndipo ena adatsatira pambuyo. Nkhaniyi idakambidwa m'mabwalo athu a mizikiti, ena akutukwana anyamatawo, ena akufunsa monong'ona kuti kalembera akuchitikira kuti. Amene adawerenga za Adil sangathamangire kutukwana, chifukwa akudziwa kuti wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Sangathamangirenso kuombera m'manja, chifukwa akudziwa kuti pamalo pamene mwana wathu waima pamunda paja padali munthu wina amene tsopano wakhala pakhomo wopanda malipiro. Adzafunsa funso loyenera: ndani amene amapindula pamene anjala awiri akulandana khasu limodzi? Mbendera yokha siphunzitsa munthu kufunsa motere.

Buku lina, Rijal fi al-Shams, limene m'Chingerezi ndi Men in the Sun, adalilemba Ghassan Kanafani ndipo lidatuluka mu 1963. Amuna atatu othawa kwawo, nkhalamba, mnyamata ndi mwana wosiya sukulu, akufuna kulowa mu Kuwait kuchokera ku Basra kukasaka ntchito. Woyendetsa lole yonyamula madzi akuwabisa m'thanki yopanda madzi, dzuwa la m'chipululu lili pamutu. Pachipata chomaliza akuluakulu a m'malire akumuchedwetsa woyendetsayo ndi nthabwala zopanda pake, ndipo pamene akutsegula thanki atatu onse afa. Akutaya mitembo yawo pa dzala la zinyalala, natenga ndalama zimene zidali m'matumba mwawo. Mu March 2020 anthu 64 a ku Ethiopia adapezeka atafa m'kontena ya lole m'chigawo cha Tete, lole imene idachokera kuno ku Malawi. Ndi nyumba zingati ku Mangochi, ku Makanjira, ku Salima ndi ku Nkhotakota zimene zili ndi mwana amene adalowa Joni kudzera m'manja mwa anthu ozembetsa anzawo? Kanafani adalemba za anthu ake, koma mayi aliyense wa kuno amene adadikirapo foni yochokera ku Beitbridge adzaimva nkhaniyo popanda womasulira. Chaona mnzako chapita, mawa chili kwa iwe.

Ndibwere tsopano ku zifukwa za anzanga, ndipo ndizitenge monga iwo eni amazinenera, popanda kuzichepetsa.

Choyamba amati nkhani yopeka ndi bodza, ndipo bodza ndi haramu. Amatchula hadith imene imachenjeza mwamphamvu munthu amene amanama pofuna kuseketsa anthu. Hadith imeneyo ndimaiphunzitsa inenso. Koma bodza ndi chiyani? Ndi kunena chosakhala choona n'cholinga choti womvera achiyese choona. Pamene wolankhula ndi womvera onse akudziwa kuti ichi n'chitsanzo, palibe amene wanamizidwa. Tonse amene tidakhala pansi pa aphunzitsi a nahau tikudziwa kuti Zayd wakhala akumenya Amr kwa zaka zoposa 1,000, ndipo palibe kadhi amene adamuitanitsa. Pophunzitsa mirathi timapha munthu pabolodi tsiku lililonse, kumusiyira akazi awiri, ana aakazi atatu ndi mchimwene, koma palibe amene amakakumba manda. Nkhani za aneneri m'Qur'an n'zoona zenizeni ndipo sindikuziyerekeza ndi zopeka, koma Qur'an yomweyo ili ndi mafanizo ambiri, monga la kapolo wa mabwana angapo okangana mu Surat al-Zumar, ndipo imatiuza kuti mafanizo amaperekedwa kuti anthu alingalire.

Makolo athu m'maphunziro sadaone vuto limene ife tikuliona. Ibn al-Muqaffa adamasulira m'Chiarabu Kalila wa Dimna m'zaka za m'ma 700, buku limene nkhandwe ndi mikango zimalankhula, ndipo lidaphunzitsa ana a mafumu a Chisilamu kwa zaka mazana ambiri. Al-Hariri wa ku Basra, amene adamwalira mu 1122, adalemba Maqamat, nkhani 50 za tambwali wopeka wotchedwa Abu Zayd, ndipo maulama adaziloweza ndi kuzilembera ndemanga pophunzitsa Chiarabu. Ibn Tufayl wa ku Andalus adalemba za Hayy ibn Yaqzan, mwana wokulira yekha pachilumba amene adamuzindikira Mlengi poyang'ana zolengedwa. Kodi onsewa sadaidziwe hadith ija? Nanga agogo athu amene ankatisonkhanitsa pamoto itatha Isha, kutifotokozera za Kalulu ndi Fisi, adali abodza?

Chachiwiri amati ngakhale si bodza, ndi nkhani zopanda pake zimene Surat Luqman imadzudzula. Omasulira Qur'an ambiri amati ndimeyo idakhudza al-Nadr ibn al-Harith, amene ankabwera ndi nthano za mafumu a ku Persia n'kumakhala pamene Mtumiki (madalitso ndi mtendere zikhale pa iye) wangochoka, kuti anthu asiye kumvera Qur'an. Tchimo lake lidali cholinga chosocheretsa. Nthano imene ikumuchotsa munthu pa Swala ndi yoipa, monganso mpira, bawo ndi foni zikachita zomwezo. Koma werengani hadith ya Umm Zar' mu Bukhari ndi Muslim. Mayi Aisha (Allah asangalale nawo) adafotokoza nkhani yaitali ya akazi 11 amene adagwirizana kuululirana za amuna awo, uyu woumira, uyu waukali, uyu wodya yekha, uyu wopatsa. Mtumiki adamvetsera mpaka kumapeto ndipo adayankha ndi mawu achikondi. Sadanene kuti za m'nyumba za anthu n'zazing'ono pamene Ummah uli pa nkhondo.

Chachitatu amati olemba mabuku amenewa si anthu a dini. Apa sindibisa kanthu. Kanafani adali mneneri wa gulu la PFLP, lotsatira maganizo a Marx, ndipo adaphedwa ndi bomba la m'galimoto ku Beirut mu July 1972 pamodzi ndi mwana wa mlongo wake. Emile Habibi wa ku Haifa adabadwira m'banja la Chikhristu ndipo adali wachikomyunizimu. Mayi Khalifeh amadzudzula mosanyengerera momwe amuna a kwawo amakhalira ndi akazi. M'mabuku awo muli anthu otukwana, oledzera ndi okayika. Palibe amene akunena kuti titengeko aqida kwa iwo. Koma mboni ya ngozi ya bwato sitiifunsa kaye ngati idaswali Fajr. Mu Sahih Muslim muli nkhani ya Mtumiki akupempha Sahaba wina kuti amulakatulire ndakatulo za Umayya ibn Abi al-Salt, munthu amene sadalowe Chisilamu, ndipo adapitiriza kupempha zina mpaka zidafika mizere 100.

Kuonjezera apo, mfundo imeneyi ikuulula umbuli umene ndikuudandaulawu. Anthu a ku Palestine si Asilamu okhaokha. Ku Bethlehem, ku Ramallah ndi ku Gaza komwe kuli Akhristu amene amaima pamizere yomweyo. Mtolankhani Shireen Abu Akleh, amene adawomberedwa ku Jenin mu May 2022, adali Mkhristu. Habibi yemweyo, m'buku lake la 1974 lonena za Saeed, munthu wamantha amene adasanduka kazitape wa boma, adalemba chinthu chimene palibe khutba ingachifotokoze. Pa nkhondo ya 1967 Saeed akumva wailesi ikulamula Aarabu ogonja kukweza nsalu zoyera. Pofuna kusonyeza kumvera, akukweza nsalu padenga la nyumba yake ku Haifa, mzinda umene udali m'manja mwa Israel kuyambira 1948. Boma likumumanga, likuti nsaluyo ikutanthauza kuti iye akuuona Haifa ngati mzinda wolandidwa. Mumaseka, kenaka mumazindikira kuti mwaona momwe mantha amapindira msana wa munthu mpaka kugonja komwe kusanduka mlandu.

Chachinayi ndicho chenicheni, ngakhale sachinena kawirikawiri. Amaopa kuti mabuku amenewa amachepetsa ukali. Amaonetsa anthu a ku Palestine ali ndi zofooka, ndipo nthawi zina amaonetsa Myuda ali ndi mtima. N'zoona. Mu Al-Sabbar, Usama atabaya msilikali wamkulu wa Israel pamsika, Adil ndi amene akunyamula kamtsikana ka msilikaliyo. Kanafani adalembanso A'id ila Haifa, nkhani ya Said ndi mkazi wake Safiyya amene pa chipwirikiti cha 1948, pamene anthu oposa 700,000 adachotsedwa kapena kuthawa m'midzi yawo, adalekana ndi khanda lawo la miyezi isanu. Malire atatseguka mu 1967 akuchoka ku Ramallah kukaona nyumba yawo. Akupezamo Miriam, mayi wa Chiyuda wochokera ku Poland amene bambo ake adaphedwa ndi a Nazi. Ndiye adalera mwana uja, ndipo mwanayo akulowa m'nyumba atavala yunifolomu ya asilikali a Israel. Kanafani sadamusandutse Miriam chilombo, komanso sadanene kuti chisoni cha Miriam chikufafaniza kulandidwa kwa nyumbayo. Adaziika zonse ziwiri patebulo limodzi.

Ngati izi zikuchepetsa ukali wina, ndi ukali umene uyenera kuchepa. Surat al-Ma'ida imatiletsa kulola chidani chathu pa anthu kutichititsa zosalungama. Mnyamata amene adaleredwa ndi mavidiyo okhaokha amafika podana ndi Myuda aliyense, ndipo tsiku limene adzaone munthu wa ku Palestine akuba, akunama kapena akugwirira ntchito mdani, chikondi chake chidzatha, chifukwa ankakonda mngelo amene kulibe. Wowerenga amadziwa kale kuti anthu amenewa ndi ana a Adam ngati ife, ndipo amadziwa kuti ufulu wawo sudalira kuyera kwawo. Munthu salandidwa munda chifukwa choti ndi wokangana ndi mkazi wake. Amene wamvetsa zimenezi sagwedezeka nyuzi zikasintha.

Amene ali kutali ndi mizikiti yathu amaidziwa mphamvu ya mabuku amenewa kuposa ife. Mayi Adania Shibli adalemba Tafsil Thanawi, limene m'Chingerezi ndi Minor Detail, lotuluka mu 2017. Gawo loyamba likutsata zimene zidachitikadi mu August 1949, pamene asilikali a Israel adagwira mtsikana wa Chibedu m'chipululu cha Negev, kumuchita zachipongwe ndi kumupha. Gawo lachiwiri ndi la mayi wa ku Ramallah wa masiku ano amene akufuna kukafufuza nkhaniyo. Chiphaso chake sichimulola kufika kumeneko, choncho akubwereka cha mnzake wa kuntchito. M'galimoto ali ndi mapu angapo, ena a Israel, ena osonyeza midzi imene idalipo chisanafike chaka cha 1948, ndipo akuyenda m'misewu imene mapu ena akuti pali mudzi pamene maso ake akuona thengo. Mu October 2023 mwambo wopereka mphoto kwa mlembiyu pa chionetsero cha mabuku cha ku Frankfurt udaimitsidwa. Kabuku kakang'ono, kopanda mfuu ndi kopanda mbendera, kadasowetsa mtendere anthu a ku Ulaya. Ife tikuti ndi mabodza otayitsa nthawi.

Sindikunena kuti nkhani zopeka zilowe m'malo mwa Qur'an, mwa mbiri yolondola, mwa sadaka kapena mwa Qunut. Sindikunenanso kuti buku lililonse liperekedwe kwa mwana aliyense. La mayi Shibli si la ana, ndipo ngakhale enawo kholo kapena mphunzitsi ayambe waliwerenga yekha. Chimene ndikukana ndi kutseka chitseko chonse ndi liwu limodzi lakuti haramu, liwu limene tidaphunzitsidwa kuti lisatuluke pakamwa popanda umboni. Timawauza ana kuti okhulupirira ali ngati thupi limodzi, chiwalo chimodzi chikadwala thupi lonse silipeza tulo. Koma thupi limamva ululu wa chala chifukwa pali mitsempha yolumikiza. Pakati pa Nkhotakota ndi Nablus mitsemphayo siidzera m'chiwerengero cha akufa, chifukwa chiwerengero chikakula mtima umachita dzanzi. Imadzera m'kudziwa kuti kumeneko kuli bambo wodulidwa zala amene akuda nkhawa ndi chakudya cha mawa, monga msodzi wathu amene mwera wamuswera bwato.

Pali chifukwa china chimene chikutikhudza monga nzika. Pa 18 September 2024 msonkhano waukulu wa United Nations udavota kuti Israel ichoke m'madera olandidwa. Mayiko 124 adavomereza, 14 adakana, ndipo Malawi idali m'gulu la okanawo. Ngati tikufuna kulankhula ndi phungu wathu, ndi mnansi wathu wa Chikhristu amene amamva dzina la Israel n'kuganiza za Baibulo lokha, kapena ndi mwana wathu amene akufuna kukalembetsa ntchito ya m'minda, kufuula sikudzatithandiza. Mnansiyo sadzasunthika ndi mbendera imene akuiona ngati ya Asilamu. Akhoza kusunthika mutamufotokozera za mayi amene adabwerera kunyumba yake patapita zaka pafupifupi 20 n'kugogoda ngati mlendo.

Choncho ndikupempha zinthu zotheka. Mabuku amenewa sitinawaone m'Chichewa kapena m'Chiyao m'manyumba mwathu, koma tili ndi anthu ambiri amene adaphunzira Chiarabu ku Sudan, ku Egypt, ku Saudi Arabia ndi konkuno, ndipo ambiri a ife Chiarabucho timachigwiritsa ntchito pa mimbari pokha. Aliyense wa ife awerenge limodzi chaka chino, ndipo alifotokoze m'chilankhulo chathu kwa ophunzira akuluakulu, kwa amayi pa taalimu, kwa a m'nyumba mwake usiku. Amene ali ndi mwana ku sekondale kapena ku koleji amufunire la Chingerezi, ndipo mwanayo awafotokozere makolo ake. Amene amabwera kuchokera ku Joni kapena ku Umra ndi masutukesi a makanzu ndi mafuta onunkhira asiyeko malo a buku limodzi. Makomiti a madrasa amene amagula mabuku a nahau aonjezere shelefu imodzi. Ndipo amene Allah adawapatsa luso la zilankhulo ziwiri aganizire zopempha chilolezo kwa eni mabukuwa kuti awamasulire.

Kwa a Shehe anzanga ndikuti: khutba yanu ija idali yabwino, ndipo ndidalira nawo. Koma titatuluka mumzikiti palibe mmodzi wa ife amene akadatchula chimene anthu amene tidawalirirawo amadya m'mawa. Kwathu kuno munthu akapita pamaliro amayamba wafunsa kuti malemuwo adali yani, adasiya ana angati, adadwala chiyani. Wongofika n'kuyamba kulira mokweza osafunsa kanthu timamudabwa. Bukulo likadali pa shelefu yanga, ndipo tsiku limene mudzalifune ndidzakutumizirani ndi mwana. Mukaliwerenga mpaka pamene Adil akutuluka m'nyumba ija osanyamula makina a bambo ake, mudzabwere tidzakambirane ngati zimenezo n'zazing'ono. Allah ndiye Wodziwa bwino.